Agogo Akayamba Kuiŵala

Abale ndi alongo athu amene mukumvera ku Katuli ndi m'midzi yonse ya kum'maŵa kwa nyanja, lero tikambe za makolo athu okalamba amene ayamba kuiŵala. Agogo athira mchere kaŵiri m'ndiwo, afunsa katatu tsiku la msika, ife n'kungoti, "Ndi ukalamba umenewo." Ena amayamba kunong'ona za ufiti, chonsecho lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti. Ku Neno, mu Januwale 2016, manong'onong'o otere anaphetsa nkhalamba zinayi.

Madokotala amatiphunzitsa kuti nthaŵi zina kuiŵala kwa okalamba kumachokera m'chisoni chokhalitsa, matenda aja a kukhumudwa. Mtima ukalemedwa, maganizo sasunga zimene makutu amva; nanga chimene sichinaloŵe m'nkhokwe tidzachitapamo bwanji? Taonani m'midzi mwathu muno. Anyamata ali ku Johannesburg, ndalama akutumiza ndithu, koma pakhonde palibe wocheza ndi agogo. Amuna awo anatisiya, amsinkhu wawo anatha. Tulo sabwera, nsima siikoma, kumunda safunako.

Pali kusiyana kumene akatekisiti ayenera kukudziŵa. Wodwala chisoni amadandaula yekha kuti, "Mutu wanga watha," ndipo mukamfunsa kanthu amangoti, "Kaya." Vutolo limabwera m'miyezi yoŵerengeka, makamaka pambuyo pa maliro kapena matenda. Koma matenda enieni a ubongo, monga a Alzheimer, amakwaŵa pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo nthaŵi zambiri achibale ndiwo amaona, mwini wake osazindikira. Nthaŵi zina aŵiriŵa amayendera limodzi, ndipo chisoni cha muukalamba chimatha kukhala kalambulabwalo wa matenda a ubongowo. Choncho ife tisaweruze tokha pakhonde.

Chisoni chimachizika, ndipo chikachoka nzeru zambiri zimabwerera. Tiwaperekeze agogo ku chipatala cha Katuli kapena ku chipatala chachikulu ku Mangochi, tikafotokoze zonse: tulo, chakudya, misozi, ngakhale mawu aja oti, "Bola kufa," amene timawaseka pamene ayenera kutiopsa. Akapatsidwa mankhwala, tisataye mtima msanga, pakuti amayamba kugwira ntchito patapita milungu ingapo.

Inu a m'miphakati, poyendera odwala sabata ino musalumphe khomo la agogo achisilamu oyandikana nanu. Khalani pansi, muwafunse za nthaŵi ya nkhondo ya ku Mozambique, mudikire yankho lawo ngakhale lichedwe.