Sukulu Zogonera Komweko Pakati pa Anthu a Adivasi ku India

Nkhani ya lero ndi ya ana a dziko lakutali, koma funso lace likhudza mphunzitsi ali yense wosunga ana a eni pa sukulu ya Misyoni. Funsolo ndi ili: kodi mwana wogonera pa sukulu, pobwerera kwao, afika ngati mwana wa pamudzi kapena ngati mlendo?

M'mapiri ndi m'nkhalango za India mukhala mitundu ya anthu odziwika ndi dzina lakuti Adivasi, ndiko kunena nzika zoyamba za dziko. Kalembera wa 2011 anapeza kuti analipo 104 miliyoni. Ku dera la Chotanagpur kuli a Munda, a Oraon ndi a Ho, mtundu uli wonse ndi cinenero cace. Amisyoni a Gossner, ocokera ku Germany, anafika ku mzinda wa Ranchi m'deralo mu 1845. Mu 1885 kunafika Constant Lievens, wansembe wa ku Belgium, amene anathandiza anthu pa mirandu ya minda. Popeza midzi inali yotalikirana, ndi mitsinje yosaoloka m'dzinja, Amisyoni anamanga nyumba zogonamo ana pafupi ndi sukulu.

Phindu lace linali lalikuru. Mwana wodziwa kuwerenga anatha kuzindikira kalata ya msonkho, kotero kuti eni minda olemera sanathe kunyenga atate wace monga kale. Atsikana naonso anaphunzira, ndipo mu 1897 anai a iwo anayambitsa cipani ca masisitere, Daughters of St Anne, ku Ranchi komweko.

Koma panalinso cotayika. A Oraon anali ndi nyumba yao ya acinyamata, dhumkuria, yofanana ndi gowelo, m'mene ana anaphunziramo nyimbo, magule ndi mwambo wa makolo. Mwana wokhala miyezi yambiri pa Misyoni anasowa zonsezi. Kawirikawiri anaphunzira m'Cihindi, cimene si cinenero ca amai ace, ndipo ena anayamba kucita manyazi ndi mau a kwao.

Anyamata awiri a mtundu wa Munda aonetsa njira ziwiri. Birsa Munda anaphunzira pa sukulu ya Amisyoni a ku Germany ku Chaibasa, nacokapo ca m'ma 1890, pamene Amisyoni ndi anthu anasemphana pa nkhani ya minda. Pambuyo pace anatsogolera kuukira boma la Angelezi, nafera m'ndende ku Ranchi mu 1900. Jaipal Singh Munda anaphunzira pa St Paul's ku Ranchi, napita ku Oxford. Komabe anabwerera kwa anthu ace, ndipo kuyambira 1946 anawalankhulira m'bwalo lokonza malamulo akuru a India. Woyambayo anaona sukulu itaima kutali ndi cisoni ca mudzi wace. Waciwiriyo anatenga nzeru za sukulu nazibweza kumudzi.

Mu 1956 India anaonjeza m'malamulo ace ndime ya 350A, yakuti ana a mitundu yocepa apatsidwe mwai wophunzira m'cinenero cao m'makalasi oyamba. Koma lamulo sililowa lokha m'cipinda cophunziramo. Alilowetsa ndiye mphunzitsi.

Cifukwa cace, wosunga ana ogonera ayenera kusamala zinthu zitatu. Coyamba, aphunzire cinenero ca anawo, asamalange mwana pocilankhula. Caciwiri, madzulo apatse ana mpata wa nthano, zilapi ndi nyimbo za kwao, aitanenso akuruakuru a m'midzi kudzawaphunzitsa. Cacitatu, alandire makolo mwaulemu, pakuti mwanayo ngwao. Kwa sukulu angobwerekedwa.

Akale anati kwanu nkwanu, m'thengo mudalaka njoka. Sukulu yogonera iyesedwe ndi muyeso uwu: ngati mwana womariza maphunziro angathe kuwerengera ambuye ace kalata ya boma, ndi kuwamasulira bwino m'cinenero cao, sukuluyo yagwira nchito yace.