Masika m'Nyumba za Mpanda

Mwezi wa May wafika, cimanga cauma m'minda, ndipo cisanu cayamba kugwa madzulo. Nyengo yotere makolo athu anasonkhana pamoto, naocha mbatata, naphunzitsa ana ao nthano ndi mapemphero. Ndipo pa Sabata la masika anasenza malicero a cimanga kunka nao ku Nyumba ya Mulungu.

Ciyambire 1975, pamene Lilongwe anakhala likulu m'malo mwa Zomba, ambiri a ife tikhala m'mipanda ya njerwa ku Area 3, Area 10 ndi Area 43. Cimanga tigula m'matumba pa msika wa ku Old Town, ndiwo tisunga m'firiji, ndipo mwana ali yense adzitsekera m'cipinda cace ndi lamya ya m'manja. Zipangizo izi si zoipa ai. Koma taonani, magetsi akazima pomwepo tizinga mbaula, ndi kumvanso mau a ana athu. Kodi tidzalindira mdima kuti utisonkhanitse?

Cifukwa cace masika ano tizime tokha kanemayo, tidye pamodzi, tipemphere pamodzi. Ndipo pogawa cimanga tisaiwale mlonda wocezera pacipata m'cisanu. Amen.