Katundu Akabwerera: Mau kwa Ogulitsa pa Lamya a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka

Mau awa akonzedwa kuti awerengedwe pa misonkhano ya amalonda, ya amisiri ndi ya alimi m'dera la Mfumu Kachindamoto. Aphunzitsi angathe kuthandiza powawerengera amene sadziwa malemba.

Kale munthu wofuna mpunga anali kupita yekha pa msika wa Golomoti, natapa mpunga m'dzanja, naununkhiza, nalumako njere ziwiri kapena zitatu, ndipo pamenepo ndi pomwe anali kumasula ndalama pa mpango. Akulu anati malonda ndi m'maso. Wogula akachoka pa msika nkhani inali yatha, pakuti anaona yekha chimene anagula.

Masiku ano mnyamata wosema ziboliboli pa Mua angojambula chithunzi ndi lamya yache, nachiika pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre atumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba asanachikhudze chinthucho. Ichi nchabwino, pakuti msika wakula kuposa kale. Koma walira mvula walira matope. Wogula amene sanaone ndi maso ache adzaona katunduyo atafika pakhomo pache, ndipo akapeza kuti sali monga anayembekezera, adzaimba lamya nati, "Tengani katundu wanu, mundibwezere ndalama zanga." Tsiku limeneli limamfika wogulitsa ali yense, ngakhale wachilungamo. Chotero nkofunika kulikonzekera lisanafike.

Katundu wa dera lino amabwezedwa pa zifukwa zodziwika. Kuyambira m'chaka cha 1976, pamene Bambo Claude Boucher anayambitsa nchito ya Kungoni pa mishoni ya Mua, amisiri ambiri aphunzira kusema, ndipo dzina la Mua lamveka kutali. Koma mtengo suopa dzina. Mmisiri akasema mtengo wauwisi chifukwa chofulumira ndalama, chosemacho chimaoneka bwino pa chithunzi, koma madzi a m'kati akayamba kuuma chimang'aluka. Bvuto limeneli limakula pamene chosema chapita ku Ulaya, kumene nyengo yachisanu amatenthetsa m'nyumba ndipo mpweya umauma kwambiri. Phingo, mlombwa ndi mbawa zonse zifuna kuuma pa mthunzi nthawi yaitali zisanasemedwe. Mtengo wokhala ndi timabowo totuluka ufa uli ndi tizirombo m'kati, ndipo usatumizidwe kwa munthu ai.

Chachiwiri ndi ulendo. Mtokoma wochoka ku Mtakataka umayenda pa mseu wa M5 kudzera ku Salima kapena ku Balaka, kapena umakwera chitunda cha Golomoti kunka ku Dedza, uli pansi pa matumba ena. Khosi la nyamalikiti ndi chitamba cha njobvu ndizo zimayamba kuthyoka. Mmisiri akulunge ziwalo zowonda pazokha ndi nsanza kapena mapepala, aike m'katoni yolimba, ndipo aigwedeze asanatseke. Ngati m'kati mukumveka kugubuduka, ndiye kuti nchito yokulunga sinathe.

Alimi a ku sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800 imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, nawonso ayamba kupeza ogula mpunga pa lamya. Anthu a m'tauni amagula Kilombero chifukwa cha fungo lache. Mai akaphika napeza kuti fungo palibe, kapena kuti theka ndi mpunga woswekasweka wosakaniza ndi mtundu wina, thumbalo lidzabwera, ndipo adzauzanso anzache onse a ku nchito. Mpunga wosauma bwino umachita chuku pa njira. Usipa nawo ukapanikizidwa m'thumba umafika uli zinyenyeswa. Zonsezi wogulitsa angathe kuziletsa ali pakhomo pache.

Palinso chithunzi. Lamya imakometsa zinthu, ndipo chiboliboli chotalika ngati dzanja chimaoneka ngati chofika m'chiuno. Wogulitsa alembe kutalika kwache m'masentimita ndi kulemera kwache m'makilogalamu, aike bokosi la machesi pambali pojambula, ndipo ngati pali chilema achionetse. Ena amaopa kuti akaonetsa chilema wogula athawa. Athawedi ena, koma amene wagula ataona chilemacho sadzabweza chifukwa cha icho.

Tsono za malamulo. Ogulitsa ena amalemba kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, ndipo amayesa kuti mau amenewo awatchinjiriza. Dziko la Malawi liri ndi lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003, ndiponso bungwe la Boma la Competition and Fair Trading Commission, limene lachenjeza amalonda kawirikawiri kuti nkosaloledwa kukana mlandu wa katundu woonongeka pobisala pa mau otere. Munthu amene walandira chinthu chosweka, chofumbwa, kapena chosiyana ndi chimene anauzidwa ali ndi ufulu wodandaula. Kwina malamulo ngolimba koposa. M'maiko a European Union ndi ku Britain, munthu wogula chinthu pa intaneti amaloledwa kusintha maganizo m'masiku 14 atachilandira, ngakhale chiribe chilema, kupatula zinthu zina monga chopangidwa mwapadera pa pempho lache. Anthu a kumeneko anazolowera zimenezi, ndipo adzayembekeza zomwezo kwa mmisiri wa ku Mua.

Chifukwa chache wogulitsa akhale ndi mau ache a pangano, afupiafupi, amene azitumiza kwa wogula ali yense ndalama zisanabwere. Mauwo anene masiku amene wogula angadandaule atalandira katundu, anene kuti wodandaula atumize chithunzi cha katundu pamodzi ndi katoni yache, ndipo anene amene adzalipira ulendo wobwerera. Chilungamo chache nchakuti cholakwa chikakhala cha wogulitsa, alipire ndiye; wogula akangosintha mtima, alipire yekha, ndipo chinthucho chibwere chiri chabwino monga chinapitira. Mpunga wophikako ndi usipa wotapako sizingagulitsidwenso, chotero pa zakudya nkwabwino kupangana masiku ochepa.

Chobvuta chachikuru ndi ndalama, pakuti zimene wogula anatumiza Lolemba zimakhala zitagula feteleza pofika Lachitatu. Nachi chitsanzo. Mmisiri wagulitsa ziboliboli 10 pa mtengo wa K30,000 chimodzi. Mtengo wosema, polishi, katoni, ulendo ndi thukuta lache zadya K22,000 pa chimodzi, ndipo phindu ndi K8,000. Chimodzi chafika chothyoka. Iye abweza K30,000 ija, ataya K22,000 imene anaononga pa icho, nalipiranso K5,000 ya ulendo wobwerera. Pa zisanu ndi zinai zotsala anapindula K72,000, koma pochotsa K27,000 atsala ndi K45,000. Chiboliboli chimodzi chadya phindu la zinzache zitatu ndi kupitirira. Akadapatula K3,000 pa chiri chonse, akadakhala ndi K30,000 yobwezera popanda kukongola kwa munthu. Ndalama imeneyi iwerengedwe poika mtengo, ndipo isungidwe payokha, kaya ku banki mkhonde kaya pa nambala ina imene sagulira ndiwo.

Chitsanzo chomwechi chionetsanso kuti si katundu yense ayenera kubwereradi. Chosema chimene chathyoka ku London chingafune ndalama zambiri za positi kuposa mtengo wache. Pamenepo nkwanzeru kupempha chithunzi, ndi kupangana ndi wogula kuti alandire gawo la ndalama kapena chosema china, chothyokacho chikhale komweko.

Pobweza ndalama wogulitsa achenjere ndi akathyali. Alipo amene amatumiza uthenga wonga wa kampani ya lamya wonena kuti ndalama zalowa, kenaka naimba kuti asintha maganizo, abwezeredwe. Wogulitsa ayambe waona yekha ndalama zimene ziri mu akaunti yache, osakhulupirira uthenga wokha. Abwezere pa nambala yomweyo imene inalipira, osati ina, ndipo nambala yache yachinsinsi asauze munthu.

Pafunikanso kabuku. M'menemo alembe tsiku, dzina la wogula, chimene chatumizidwa, wonyamula ndi nambala ya lisiti, ndipo ajambule katunduyo asanatseke katoni. Mtokoma wopatsira kondakitala popanda lisiti ulibe mboni ukasowa. Katundu akabwerera, alembenso chifukwa chache. Pakutha miyezi isanu ndi umodzi kabukuko kadzaonetsa ngati bvuto liri pa mtengo wauwisi, pa kukulunga, kapena pa wonyamula mmodzi. Chosema chobwerera chimene chingakonzeke achimate, nachigulitsa pa mtengo wotsika kwa alendo odutsa pa mphambano ya ku Monkey Bay, atawaonetsa pamene wamata.