Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Katemera wa Agalu

A Mfumu Yaikulu pamodzi ndi mafumu onse amene mwakhala pano, a wapampando, madokotala ndi alangizi a ziweto, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo, ndi inunso anyamata amene mwapirira dzuwa muli chigwirire zingwe za agalu anu, ndikupereka ulemu kwa nonsenu, ndipo ndikupempha kuti mutchere khutu kanthawi pang'ono.

Lero, pa 28 September, maiko onse akukumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, pakuti ndilo tsiku limene anamwalira Louis Pasteur mu 1895, iye amene anapeza katemera wa nthendayi. Koma popeza za chiwewe alangizi afotokoza kale momveka, ine ndilankhulako za kachilombo kochepetsetsa, utitiri, ndi za mankhwala amene timathira ziweto zathu pofuna kukagonjetsa. Musaupeputse utitiri chifukwa cha kuchepa kwake, pakuti ukachuluka umayamwa magazi a kamwana ka galu kufikira nkhama zake zitayera mbuu, ndipo galu akaumeza podziluma amatenga njoka za m'mimba. Kuupha n'koyenera ndithu. Chimene chandivuta mumtima ndi maphedwe ake.

Taonani zimene zimachitika m'midzi mwathu. Munthu akaona galu wake akudzikanda usiku wonse, amatenga dibi wa ng'ombe amene anatsala m'kabotolo kopanda dzina kogula pamsika, kapena fumbi la Actellic losungira chimanga, nathira m'ndowa moyesa ndi maso, namusambitsa galuyo thupi lonse, akuganiza kuti kuchuluka kwa mankhwala ndiko kuchira msanga. Ndipo dzuwa lisanalowe galu uja wayamba kuchucha dovu, kunjenjemera, kusanza ndi kuyenda dzandidzandi, mpaka anansi poona dovulo amafuula kuti wapenga, natola miyala. Kumuopa galu wa dovu n'kwanzeru, ndipo ana asamuyandikire konse, koma mwini wake ayenera kunena poyera chimene anamuthira, kuti mlangizi adziwe ngati akulimbana ndi chiwewe kapena ndi poizoni.

Za mphaka ndiye ndinenetse, pakuti apa mpamene ambiri amalakwa ndi mtima wabwino. Mankhwala ambiri a utitiri wa agalu ali ndi permethrin, amene galu amamupirira, koma chiwindi cha mphaka sichitha kumusungunula; kotero kuti madontho ochepa okha pakhosi pake, ngakhale kungogona mokhudzana ndi galu amene wangothiridwa kumene, kungamugwetse mphaka m'kunjenjemera ndi kuphupha kufikira imfa. Chimene chalembedwa kuti n'cha galu chikhale cha galu, ndipo cha galu wamkulu chisapite pa kamwana koyamwa.

Ndipo musayese kuti mankhwala odula a m'masitolo a m'tauni alibe chilema. Mu 2018 bungwe la FDA la ku America linachenjeza kuti mapiritsi a mtundu wa Bravecto, NexGard ndi Simparica, ngakhale agalu ambiri amawalandira popanda vuto, ena amanjenjemera nawo, kudzandira, kapena kugwa ngati akhunyu. Chifukwa chake amene galu wake anagwapo kale motero auze dokotala asanamupatse. Ku England nako anthu ofufuza anapeza fipronil ndi imidacloprid, mankhwala odontheza pakhosi pa ziweto, m'madzi a m'mitsinje, m'mene amapha tizilombo timene nsomba zimadya. Ife amene ndiwo yathu ili m'madzi sitifunika kuuzidwa kawiri kuti galu wothiridwa mankhwala asasambe kudambo. Ndipo ngakhale ombwe wa makolo athu, amene ena amasinja n'kusambitsira ziweto, tonse tikudziwa chimene amachita akagwera padziwe la nsomba.

Tsoka likagwa chifukwa cha mankhwala opaka pakhungu, valani mapepala apulasitiki m'manja, musambitseni galu kapena mphakayo ndi sopo ndi madzi ofunda pang'ono, mumupukute, mumufunditse, ndipo muthamange naye kwa mlangizi mutanyamula botolo kapena pepala la mankhwalawo, pakuti dzina lolembedwapo ndilo limuuza dokotala chobaya. Musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira mokakamiza, pakuti chiweto chonjenjemera chimatsamwa.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funsani mlangizi musanagule. Muyezetseni galu pasikelo kuti muyeso ugwirizane ndi kulemera kwake. Gulani mankhwala okhawo amene ali m'botolo lake lenileni, ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board. Kumbukiraninso kuti mazira ndi mphutsi za utitiri sizikhala pa galu, koma m'fumbi, m'masaka ndi pakhonde pamene amagona, kotero kuti tsache, madzi otentha ndi dzuwa zimachepetsa kwambiri kufunika kwa mankhwala. Inu mafumu, ndikupemphani kuti ogulitsa mankhwala a m'timabotolo topanda dzina asapeze malo m'misika yanu.

Agalu atopa ndi dzuwa, ndipo madokotala akonzeka. Mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti katemera wayamba.