Banga Lakuda Kuphazi ndi Nthenda ya M'cifuwa

Nkhani ya mwezi uno iri ya nthenda imene imabisala m'cifuwa ndi kuoneka ngati cifuwa cacikuru. Nthendayi ndi kansa, dzina lace melanoma. Imayambira m'tizigawo tating'ono ta thupi timene timapatsa khungu mtundu wace, ndipo kawirikawiri imaoneka ngati banga lakuda. Mwa anthu akuda bangali limakonda kutuluka pansi pa phazi, pacikhatho kapena kunsi kwa cikhadabo. Likasiyidwa, nthendayo imayenda ndi magazi kufikira m'mapapo. Iripo inanso imene imayambira m'mapapo momwemo, koma imeneyi ndi yosowa kwambiri.

Woyimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anapezeka nayo pa cala cacikuru ca kuphazi m'caka ca 1977. Anakana kudulidwa calaco. Nthenda inafika m'mapapo ndi m'bongo, ndipo anamwalira mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha.

Ikafika m'cifuwa wodwala amatsokomola, nthawi zina magazi, amamva kupweteka ndi kuonda. Cifukwa cace ambiri amayesa ndi cifuwa cacikuru. Tsono dotolo amayamba wayesa makhololo ndi kujambula cifuwa. Akaona cotupa, amatapako kanyama pang'ono ndi kukaunika pa makina okuza zinthu, pakuti cithunzi cokha sicinena mtundu wa cotupa. Amayang'ananso khungu lonse, mapazi, m'kamwa ndi m'maso, kuti adziwe kumene nthenda inayambira.

Cotupa cikakhala cimodzi, madotolo amacicotsa pamodzi ndi cigawo ca phapo. Ngati cafalikira, alipo mankhwala othandiza thupi kulimbana ndi nthendayo. Ena, dzina lao ipilimumab, analoledwa ku America mu 2011, ndipo pembrolizumab ndi nivolumab anatsatira mu 2014. Koma mtengo wace ndi waukuru, ndipo si onse amene amacira nao.

Motero cothandiza koposa ndi kufulumira. Munthu akaona banga lakuda kuphazi limene likukula, kusintha kapena kucita cironda cosapola, asalitemere mphini kapena kulidula ndi lumo, koma apite nalo ku cipatala. Amene akumwa mankhwala a cifuwa cacikuru koma osapeza bwino, asawaleke yekha. Abwerere kwa dotolo, ndipo akamuonetsenso mapazi ace. Aphunzitsi ndi mafumu afotokozere anthu ao mau amenewa.