Moyo wa Okalamba Awiri Otumikira pa Kachisi wa ku Johannesburg

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wapachaka wa bungwe lathu



Poyamba ndithokoze komiti chifukwa cha mpata umene mwandipatsawu. Kalata yanu inandipempha kuti ndiyankhule za kukonzekera kupuma pantchito, poona kuti ambiri a ife imvi zayamba kutuluka ndipo zaka 60 zimene boma limatipumitsira sizilinso patali. Malamulo a penshoni mungathe kukawafunsa ku ofesi. Ine ndasankha kukufotokozerani m'mene banja lina lokalamba, la mpingo umene ambiri timautchula kuti wa Mormon, limakhalira tsiku ndi tsiku pamene linkatumikira pa kachisi wawo. Sindinabwere kudzakopa munthu. Aliyense akhale mu mpingo wake. Ndikungofuna tione chimene anthu ena amachita ndi zaka zawo zaukalamba.

Mpingowu dzina lake lenileni ndi Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. Anauyambitsa ndi Joseph Smith pa 6 April 1830 m'dera la New York ku America, ndipo likulu lake lili ku Salt Lake City, m'dera la Utah. Mu 2018 mtsogoleri wawo wa nthawi imeneyo, Russell M. Nelson, anapempha anthu kuti azitchula dzina lonseli m'malo mwa lija la Mormon. Anthuwa amasiyanitsa tchalitchi ndi kachisi. Tchalitchi ndi kumene amapemphera Lamulungu, ndipo mlendo aliyense amalowa. Kachisi ndi nyumba yopatulika yochitiramo miyambo yapadera, ndipo amalowamo ndi okhawo amene ali ndi chiphaso chochokera kwa atsogoleri awo. Kachisi woyamba mu Africa muno anatsegulidwa mu August 1985 ku Parktown, mu mzinda wa Johannesburg.

Banja limene ndikunenali ndinadziwana nalo pamene boma linanditumiza ku maphunziro a miyezi itatu mu mzindawo. Anali ochokera ku America, onse a zaka zoyandikira 70. Abambo anali mphunzitsi wamkulu wopuma, amayi anali namwino. Pachifuwa ankavala kabaji kakuda kolembedwa dzina, abambo n'kumatchedwa Elder, amayi Sister. Zimene ndikuuzeni ndi zimene anandifotokozera okha pa macheza athu.

Ntchito imeneyi munthu sakakamizidwa. Mwamuna ndi mkazi amene ana awo anakula amapereka maina awo, amakayezedwa kwa dokotala wa m'thupi ndi wa mano, amafunsidwa mafunso ndi atsogoleri a kwawo, kenako amalandira kalata yowauza kumene akatumikire. Amasankha kutumikira miyezi 6, 12, 18 kapena 23. Malipiro palibe. Chakudya, mankhwala ndi lendi amalipira okha kuchokera m'thumba mwawo, ngakhale kuti mu 2011 mpingowu unaika malire kuti banja lisamalipire ndalama zoposa madola 1,400 pamwezi pa nyumba. Anzangawa anasankha miyezi 18.

Tsiku lawo limayamba kusanache. Sabata imene ali a m'mawa, ankadzuka nthawi ya 4 koloko, kupemphera, kudya phala ndi chipatso, n'kunyamuka. Tiyi kapena khofi panalibe, chifukwa chiphunzitso chawo chimaletsa zimenezi pamodzi ndi mowa ndi fodya. Inu amene simutsegula faelo musanamwe tiyi wa 10 koloko, ganizani bwino musanafunsire ntchito imeneyi.

Akafika pakachisi ankasiyana, abambo kwa amuna, amayi kwa akazi. Aliyense ankavula zovala za kunja n'kuvala zoyera zokhazokha, kuyambira tayi mpaka nsapato. Alendonso amavala zoyera, kotero kuti mkati muja simungazindikire kuti uyu ndi bwana, uyu ndi wolima m'dimba. Ntchito isanayambe pamakhala kamsonkhano ka pemphero ndi malangizo, ndipo aliyense amalandira kapepala kosonyeza malo amene aziima ola lililonse. Ola lino abambo ali pakhomo kuona ziphaso, ola linalo ali ku dziwe la ubatizo, lotsatira akuperekeza alendo kuchipinda china. Amayi ankathandiza alendo kupeza zovala zowakwana, kupinda matawulo kochapira, ndi kulongosola mapepala a maina. Zonsezi amachita monong'ona, ndipo nthawi yambiri amakhala chiimire.

Miyambo ya m'kachisi ikuluikulu ilipo itatu. Woyamba ndi wobatizidwa m'malo mwa makolo amene anamwalira, ndipo dziwe lake limakhala pamsana pa zosema za ng'ombe 12 zoimira mafuko 12 a Israeli. Ichi n'chifukwa chake anthuwa amalimbikira kufufuza maina a makolo, mpaka ali ndi bungwe lalikulu losunga mbiri za mabanja lotchedwa FamilySearch. Wachiwiri ndi wa chiphunzitso ndi kuchita mapangano ndi Mulungu. Wachitatu ndi womanga banja, pamene amakhulupirira kuti mwamuna, mkazi ndi ana awo adzakhalabe banja limodzi ngakhale atamwalira.

Amayi aja ankakonda kwambiri tsiku lofika basi ya alendo akutali. Masiku amenewo kachisi wa ku Kinshasa, amene anatsegulidwa mu 2019, ndi wa ku Durban, wa mu 2020, kunalibe, choncho anthu ankachokera ku Congo, ku Madagascar, ku Mozambique, ku Zambia ndi kuno kwathu. A ku Blantyre ankadutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ulendo umene ambiri muno mukuudziwa kuwawa kwake. Ena anali atasunga ndalama zaka zingapo kuti abwere kamodzi kokha pa moyo wawo. Makolo akalowa mkati, amayiwa ankatsala ndi ana, kuwasewezetsa, kuwatonthoza, kenako kuwaveka zoyera n'kuwaperekeza kuchipinda kumene makolo akuwadikira atagwada. Chifalansa kapena Chipwitikizi sankachidziwa, koma mwana wolira safuna womasulira. Anaphunzira mawu ochepa a chinenero chilichonse, ndipo a Chichewa anali awiri okha: zikomo ndi pepani. Ndinawauza kuti ndi mawu awiriwo akhoza kuyenda kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa osavutika.

Ntchito ikatha masana ankabwerera ku kanyumba kawo ka chipinda chimodzi, miyendo itatupa. Ankagona pang'ono, kuphika, kuwerenga, madzulo n'kuyankhula ndi zidzukulu pa foni ya kanema, poti pamene ku Johannesburg kukuda ku Utah kumakhala kudakali m'mawa. Kachisi amatsekedwa Lamulungu ndi Lolemba. Lamulungu ankapita kukapemphera ku mpingo waung'ono kunja kwa mzinda, kumene amayi ankaphunzitsa achinyamata kuimba limba. Lolemba linali lochapa, logula zinthu ndi loonana ndi dokotala, ndipo madzulo ake ankakumana ndi mabanja anzawo otumikira n'kudyera pamodzi.

Musaganize kuti zonse zinali zokoma, chifukwa walira mvula walira matope. M'miyezi imeneyo kunyumba kwawo kunabadwa chidzukulu, ndipo anakachinyamula chikuyenda kale. Mlongo wawo wa amayi aja anamwalira, ndipo maliro anawaonera pa kompyuta. Kwa ife zimenezi n'zovuta kuzimvetsa, ndipo ndinawauza mosabisa kuti kwathu kuno mudzi sukanawakhululukira. Amayiwo anagwetsa misozi, n'kunena kuti anatsanzikana ndi mlongo wawoyo asananyamuke, podziwa kuti anali kudwala.

Ndinawafunsanso funso limene ndikudziwa kuti ena mwa inu muli nalo. Mpaka mu June 1978, mpingowu sunkalola anthu akuda kukhala ansembe kapena kuchita nawo miyambo ya mapangano ndi yomanga banja m'kachisi. Lamuloli linachotsedwa pa nthawi ya mtsogoleri wawo Spencer W. Kimball, ndipo mu 2013 mpingowu unalemba poyera kuti ukukana ziphunzitso zakale zonena kuti khungu lakuda ndi temberero. Abambo aja sanazembe funsolo. Anati anakula lamulolo likugwira ntchito, ndipo limawapweteka mtima akalikumbukira. Anaonjeza kuti n'chifukwa chake zinkawakomera kuti muukalamba wawo aziimirira pakhomo kulandira anthu omwewo amene kale ankabwezedwa.

Tsopano, ophunzira anzanga, tiphunzirepo chiyani? Ndikudziwa kuti wina anena kuti awo ndi a madola, pamene ife penshoni yathu imatha mwezi usanafike pakati, kwinaku tikulera ana a abale athu amene anatisiya. N'zoona, ndipo sindikuuza munthu kuti akwere ndege. Koma pali zina zimene sizilira dola.

Choyamba, banjali linagwirizana za ulendowu lili ndi zaka za m'ma 40, msinkhu wa ambiri a ife lero, ndipo linayamba kupatula kandalama mwezi ndi mwezi. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ife timadikira kalata yotipumitsa ndiye n'kuyamba kufunsa kuti nanga tsopano ndizitani.

Chachiwiri, anakambirana awiri. Anandiuza kuti zaka 40 za ukwati wawo aliyense ankakhalira ku ntchito yake, ndipo miyezi yoyamba m'kanyumba kakang'ono kaja ankakangana ngakhale pa nkhani ya poika makiyi. Anachita kuphunzirana mwatsopano. Abambo anzanga, kodi amayi kunyumba anavomera zoti mukapuma mukakhala kumudzi, kapena mwangoganiza nokha?

Chachitatu, munthu amene analamulira sukulu yonse anavomera kuuzidwa poima ndi kapepala, ndipo namwino wa zaka zambiri anavomera kupinda matawulo. Ambiri a ife chimene chidzatidwalitse tikapuma ndi kusowa wotitchula kuti bwana. Komatu kufupi ndi kwanu kuli sukulu yosowa wothandiza ana masamu, kuli kalabu ya alimi yosowa wolemba mabuku a ndalama, kuli odwala osowa wowayendera. Munthu amene ali ndi koti apite 7 koloko m'mawa, ndiponso amene akudziwa kuti akapanda kufika wina avutika, sakalamba msanga.

Pomaliza, A Pampando, ndikupempha kuti kalata yathu ikamatuluka izikhala ndi tsamba limene anzathu opuma azilembapo luso lawo ndi masiku amene ali ndi mpata, kuti ofuna thandizo azidziwa kogogoda. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambolo liyenera kudziwika kumene lili.