Mmisiri Amadziwika Pomaliza: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Magitala Amagetsi Opangidwa ndi Achinyamata

  Pamatebulo apa pali magitala amagetsi amene miyezi yapitayo anali matabwa wamba, ndipo aliyense wolowa muno akuyamba watambasula dzanja kuti akhudze, asanafunse n'komwe kuti chidacho chikulira bwanji. Dzanja limenelo ndilo mutu wa mawu anga. Mmisiri amaweruzidwa pa ntchito yomaliza: kusalaza, kupaka, kulumikiza ndi kuchuna. Kudula thabwa kuti lioneke ngati gitala n'kwa masiku awiri. Masabata otsatirawo, pamene ntchito imaoneka ngati yaima, ndiwo amasiyanitsa chida choimbira ndi chokongoletsera khoma.

Tiyambe tachotsa mantha akuti chida chimenechi n'cha mafakitale akuluakulu okha. Leo Fender, amene dzina lake lili pa magitala ambirimbiri padziko lapansi, anali wokonza mawailesi m'tauni ya Fullerton ku California, ndipo sankadziwa kuimba gitala. Mu 1950 anatulutsa gitala la thabwa lopanda mphako, khosi lake lomanga ndi masikuluwu anayi, loti likawonongeka umamasula n'kuikapo lina. Ku England, mu 1963, mnyamata wotchedwa Brian May, posowa ndalama zogulira gitala la m'sitolo, anayamba kupanga lake pamodzi ndi bambo ake, a Harold May. Khosi analisema kuchokera ku thabwa lakalekale la pamalo owothera moto m'nyumba, malo ofumbwa anawatseka ndi timitengo ta machesi, masipuling'i anali a injini ya njinga yamoto, ndipo zizindikiro za pakhosi anazipanga ndi mabatani a m'bokosi la zosokera la mayi ake. Ntchitoyo inawatengera pafupifupi zaka ziwiri. Gitala lomwelo ndi limene analiza ndi gulu la Queen pa bwalo la Wembley mu 1985, ndiponso padenga la nyumba yachifumu ya Buckingham mu 2002. Zipangizo zinali zotola, koma zaka ziwiri zija zinathera pa kuyeza, kupala, kupaka ndi kuyezanso.

Muyezo ndiwo maziko, chifukwa gitala silikhululuka. Pa magitala ambiri a Fender, nsambo imanjenjemera pa utali wa mamilimita 648, kuchokera kumutu kwa khosi kufika pa chitsulo chotsamira nsambo, chimene oimba amati bridge. Pa a Gibson utaliwo ndi pafupifupi mamilimita 628. Fureti (kachitsulo kopingasa pakhosi) ya nambala 12 iyenera kukhala pakati penipeni pa utali umenewu, ndipo malo a fureti iliyonse amapezeka pogawa utali wotsala ndi 17.817. Mukaphonya ndi mamilimita ochepa chabe pomanga bridge, gitala limamveka bwino woimba akagwira chakumutu, koma akamatsikira chakuthupi mawu amayamba kusemphana ndi a kiyibodi, ndipo palibe penti imene ingabise manyazi amenewo pagulu. Nsambo zisanu ndi imodzi zikakungidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoyandikira makilogalamu 45, usana ndi usiku. N'chifukwa chake m'khosi mumaikidwa ndodo yachitsulo yolimbana ndi kukokako, ndiponso n'chifukwa chake thabwa laliwisi silingagwire ntchito iyi. Mbawa yathu ndi ya banja limodzi ndi mitengo imene kampani ya Gibson imapangira matupi a magitala a Les Paul, koma mbawa yocheka dzulo idzapindika ikamauma, n'kupita nayo ntchito yonse. Chitseko chakale cha mbawa chimene chauma zaka 20 chimaposa thabwa latsopano, ndipo chimapulumutsa mtengo wina m'nkhalango.

Tsono wina afunsa kuti, "Nanga penti ndi vanishi zikukhudzana bwanji ndi nyimbo? Si chikomekome cha mkuyu chimenecho?" Funsoli lili ndi choona chake. Pa gitala lamagetsi mawu amachokera makamaka ku nsambo, maginito ndi ampulifaya, ndipo chida chonyezimira chingathe kulira moipa. Komatu chopaka chili ndi ntchito yoposa kukopa maso. Chimatchinga thukuta la woimba, ndipo chimachedwetsa thabwa kumwa chinyontho cha dzinja ndi kuchitaya m'chilimwe, kusintha kumene kumang'amba matabwa. Chopaka chimaululanso mmisiri, pakuti vanishi sabisa zikande, amaziika poyera. Amene walumpha kuchoka pa sandipepala wa nambala 120 kupita pa 320 osadzera pa 180 ndi 220 adzaiona mizere yake yonse tsiku lopaka. Mbawa ili ndi timaenje tambirimbiri timene tiyenera kudzazidwa kaye, apo ayi chopakacho chimamira. Kenako mumapopera mopyapyala kangapo, n'kumadikira kuti ziume, ndipo mukapopera tsiku la mvula chinyontho chimatsekeredwa m'kati n'kuoneka ngati nkhungu yoyera. Vanishi wa mtundu wa nitrocellulose amafuna masabata atatu kapena anayi musanamusalaze ndi madzi ndi kumupukuta kuti awale. Apa ndi pamene ambiri amagwera, poti kasitomala akuimba foni ndipo mphika kunyumba ukudikira. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndipo popopera valani zotchinga mphuno zoyenera, pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula, chifukwa mpweya wake umawononga mapapo ndipo suchedwa kuyaka.

Kulumikiza nako kuli ndi malamulo ake. Pickup, kachipangizo kamene kamamva kunjenjemera kwa nsambo, ndi maginito okulungidwa ndi waya wakopa woonda ngati tsitsi, wozungulira pafupifupi ka 8,000 pa magitala a Stratocaster. Mphamvu yotuluka mmenemo ndi yochepetsetsa, moti waya mmodzi wowotcherera mosasamala, kapena kuiwala waya wa earth wopita ku bridge, kumadzaza sipika ndi kulira ngati kwa njuchi kochokera ku magetsi a m'nyumba. Seth Lover wa ku Gibson analimbana ndi phokoso limeneli m'zaka za m'ma 1950 pophatikiza makoyilo awiri otsutsana, koma ngakhale nzeru zakezo sizingapulumutse mmisiri waphuma. Malo a sikuluwu iliyonse aziyamba abooledwa pang'ono kuti penti isang'ambike. Khosi limangidwe molunjika kuti nsambo ziwiri za m'mbali zitalikirane mofanana ndi m'mphepete. Zikatha izi pamabwera kuchuna: kuwongola khosi, kusalaza mafureti kuti afanane msinkhu, kutsitsa nsambo kufika pafupifupi mamilimita awiri pamwamba pa fureti ya nambala 12, ndi kusuntha pang'onopang'ono potsamira nsambo iliyonse mpaka mawu a pa fureti imeneyo agwirizane ndi a nsambo yosagwira. Woimba sadzaona chilichonse mwa izi, koma zala zake zidzadziwa asanamalize nyimbo yoyamba.

Ena amati gitala lotere si lathu chifukwa ma pickup, nsambo ndi zokungira n'zochokera kunja. Ndiye telala wapamsika amene amagula nsalu, ulusi ndi zipi zakunja, tinene kuti suti si yake? Brian May mwiniwake anagula ma pickup a kampani ya Burns, ndipo palibe amene amati gitala lija n'la Burns. Mitundu yotchuka ya magitala a Fender inali penti ya magalimoto ya kampani ya DuPont. Taonani bwino, abale: kalipentala, wopopera penti magalimoto ndi wokonza mawailesi, amisiri atatu amene chida ichi chimafuna, onse alipo ku Ndirande, ku Mchesi ndi ku Biwi. Chotsala n'kuwakhazika pa benchi imodzi ndi kuwapatsa muyezo umodzi, poti mutu umodzi susenza denga. Ndipo kwa amene akuda nkhawa kuti tikutaya zathu, kudzipangira chida choimbira ndi mwambo wakale kuno. Ana akhala akupanga mabanjo a magaloni ndi mawaya a mabuleki a njinga, ndipo babatoni ya Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi ya gulu la Madalitso yamveka mpaka ku Ulaya. Achinyamatawa angowonjezera tepi yoyezera ndi sandipepala pa mwambo womwewo.

Chotsutsa chachikulu ndi mtengo, ndipo sindichipeputsa. Mafakitale a ku China ndi ku Indonesia amatulutsa magitala ochuluka ndi makina oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo pa kutchipa simudzawapambana. Koma fakitale sidziwa mtsikana wa zala zazifupi amene akufuna khosi lopyapyala, kapena woimba wa kutchalitchi amene amaima maola atatu ndipo akufuna chida chopepuka. Fakitale sikhalanso pafupi tsiku limene khosi lapindika. Magitala otchipawo kawirikawiri amafika osachunidwa bwino, ndipo amene waphunzira kumaliza gitala lake waphunziranso kukonza a matchalitchi, masukulu ndi magulu oimba. Ndalama yoyamba ya ambiri mwa inu idzachokera kumeneko. Msika umenewu, komabe, ndi wa mmisiri waukhondo yekha. Woimba akangochekedwa chala ndi nsonga ya fureti, mbiriyo imafika kwa anzake onse dzuwa lisanalowe.

Choncho ndipemphe zinthu zochepa. Aphunzitsi, ntchito yomaliza ipatseni nthawi ndi malikesi ofanana ndi ntchito yodula. Makolo, mukaona gitala lapachikidwa masabata atatu mwana osalikhudza, dziwani kuti akugwira ntchito. Oimba, ziyeseni zidazi mosanyengerera, nenani cholakwika, ndipo chikakukomerani lipirani mtengo woyenera thukuta lake. Inu achinyamata, m'fakitale ya Fender m'zaka zoyambirira amisiri ankalemba tsiku ndi pensulo kumapeto kwa khosi, pamalo amene amabisika likamangidwa, ndipo ena ankaikapo zilembo za maina awo. Okonza magitala amawerengabe zilembo zimenezo mpaka lero. Inunso lembani dzina lanu pamenepo, koma mulembe mutakhutira kuti amene adzamasule khosilo zaka 30 zikubwerazi adzapeza malo obisikawo atasalazidwa mofanana ndi oonekera.

Ndi mawu amenewa, ndatsegulira chionetsero chino. Oimba, lumikizani mawaya timve.